Jakaranda wa a Suti Unali Wobola M'kati

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wanga, inu ndi alamu anga ndi ana onse pakhomopo. Kodi muli bwanji? Msana uja mumadandaula nawo mwezi watha wasiya, kapena mukungolimba nawo osapita kuchipatala monga mwa chizolowezi chanu? Nanga amayi, mawondo awo akuti bwanji? Ine kuno ndili bwino, bwino kwenikweni, moti ndikulemba kalatayi ndi chimwemwe chachikulu.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Vuto n'lakuti ndikakuimbirani, amayi amakhala ali pambali panu khutu lili tcheru, ndipo nkhani ndili nayoyi ndikufuna muyambe mwaimva inu nokha. Choncho musawawerengere mokweza musanafike kumapeto.

Mukudziwa kuti patha chaka ndi theka ndili pa kampani yosamalira mitengo ya m'makomo mwa anthu. Chimene simukudziwa n'chakuti mu ofesi muja ndinakhalamo miyezi iwiri yokha. Tsiku lina wantchito mmodzi sanabwere, ndiye akapitawo athu anandipempha kuti ndikawagwirire chingwe ndi kukoka nthambi zodulidwa. Kuyambira tsiku limenelo mpando wa mu ofesi unayamba kundiwotcha. Ndinawachonderera akapitawo kuti andiphunzitse kukwera, iwo anakana katatu, kachinayi anandiponyera lamba ndi chisoti. Inde achimwene, mlongo wanu amakwera mitengo, ndipo amalandirira pomwepo. Anzanga kuno dzina langa analiiwala kalekale, amangonditcha Gologolo.

Anthu amaganiza kuti ntchito yathu ndi kudula basi. Ayi ndithu. Kudula kumabwera pomaliza, zina zonse zikakanika. Timaitanidwa masamba akamachita chikasu, mbozi zikamaliza mtengo wa mandimu, mizu ikathyola paipi ya madzi kapena kung'amba maziko a nyumba, nthambi ikamakhudza mawaya a magetsi. Akapitawo ndi bambo wachikulire, wamfupi, khutu limodzi linagontha ndi phokoso la macheka a injini. Iwo amati munthu wopusa akafika pa mtengo amayang'ana kumwamba, wanzeru amayamba wagwada n'kuyang'ana pa tsinde. Anandiphunzitsa kuwerenga utuchi umene tizilombo toboola timasiya pansi, tinjira ta dothi ta chiswe, ndi kugogoda thunthu ndi nyundo n'kumvetsera ngati likuyankha molimba kapena ngati ng'oma.

Timavuto sitilephera. Majombo amene anandipatsa ndi a munthu wamwamuna, ndimavala masokosi atatu kuti asavuke. Manja anga auma, mukawagwira mudzati ndi a womanga nyumba. Mwezi wathawu mavu anandiluma pachikope ndili pamwamba, diso linatupa mpaka kutsekeka, eni nyumba imene ndimachita lendi anandiitanira pambali n'kundifunsa mwakachetechete kuti ndi mwamuna uti wandimenya. Nditawauza kuti ndi mavu, anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti onse amatero poyamba. Mpaka lero sakhulupirira.

Tsopano imvani nkhani yeniyeni.

Masabata awiri apitawo, Lachiwiri m'mawa, anatituma kunyumba ina ya mpanda wautali. Tinali atatu: akapitawo, adalaivala athu, ndi ine. Amene anatiitana ndi bambo wina wogulitsa magalimoto, amene tinawapatsa dzina loti a Suti chifukwa ngakhale potsegula geti amakhala atamanga tayi. Dandaulo lawo silinali la mtengo wawo ayi, koma wa anansi awo. Kuseri kwa khoma lawo kumakhala amayi ena amasiye, aphunzitsi opuma pantchito, ndipo pabwalo pawo pali chimtengo cha mapeyala, chachitali kuposa mitengo yonse ya mumsewumo. Nthambi zake zina zimadutsa khoma n'kulendewera pamwamba pa malo amene a Suti amaimika galimoto.

Kunena zoona, mtengowo unkaoneka womvetsa chisoni. Masamba anali bii ngati awapaka mwaye, ndipo unkadontheza timadzi tomata pa galimoto la a Suti. Iwo anati mtengowo ndi wodwala, upatsira mitengo yawo matenda, ndipo tsiku lina udzagwera nyumba yawo. Anakangana ndi aphunzitsi aja chaka chathunthu, mpaka aphunzitsi anatopa n'kuvomera kuti udulidwe.

Titalowa kwa aphunzitsi tinawapeza maso ali psuu. Anatiuza kuti mtengowo anabzala ndi malemu amuna awo chaka chimene analowa m'nyumbamo, ndipo anangopempha chinthu chimodzi, kuti tikadula tiwasiyireko chigawo cha thunthu chokwanira kukhalirapo. M'mbali mwa khoma lija munali mabenchi atatu aafupi. Masana aliwonse aphunzitsi amasonkhanitsa pamenepo tiana ta mumsewumo n'kumatiphunzitsa kuwerenga.

Lamulo la akapitawo n'lakuti mtengo suudula usanauyendere. Ndiye ndinamanga lamba n'kukwera. Nditatembenuza masamba ndinapeza tizilombo toyera ngati thonje tadzaza kunsi kwake, nyerere zikukwera ndi kutsika ngati pamsika. Tizilombo timeneti timayamwa madzi a mtengo n'kumatulutsa timadzi totsekemera, ndipo chakuda chija ndi nkhungu imene imamera pa timadzito. Ndi matenda onyansa m'maso koma osapha. Ndinakanda khungwa ndi chikhadabo, m'kati munali mobiriwira. Ndinagogoda nthambi zikuluzikulu, zonse zinayankha molimba. Mtima unandipweteka kuti tikudula mtengo wamoyo chifukwa cha vuto lotha ndi kudulira, kupopera madzi a sopo ndi kutsekera nyerere njira.

Ndili pamwamba pomwepo ndinaponya maso kutsidya kwa khoma. A Suti ali ndi mtengo wa jakaranda pabwalo pawo, wokongola achimwene, maluwa ali ngwee, munthu ukhoza kujambulitsa nawo chithunzi cha ukwati. Koma kuchokera kumene ndinali ndinaona zimene wa pansi sangaone. Nsonga za mbali imodzi zinali zouma. Mtengo wonse unali utapendekera ku khoma, kulunjika pa mabenchi a tiana aja. Ndipo kumbuyo kwake kapinga anali atang'ambika, dothi litatukuka ngati pansi pali chinthu chofuna kutuluka.

Ndinatsika n'kuwanong'oneza akapitawo kukhutu lawo lakumva. Anati ndiganize bwino, chifukwa a Suti ndi mnzawo wa abwana athu, ndipo ndikawachititsa manyazi pachabe, mawa ndidzakhala ndikufunafuna ntchito ina. Ndinawayankha kuti bola andichotse ntchito kusiyana n'kuti ndidzamve kuti mtengo wagwera ana ine nditauona. Anangotola nyundo ndi kachitsulo kathu kakatali kofufuzira, n'kutsogola.

A Suti atamva kuti tikufuna kuona jakaranda wawo anaseka mpaka tayi kugwedezeka. Mawu awo sindidzawaiwala: "Mwana iwe, ndakuitanani kuti mudule uwo, osati muzindiphunzitsa za wanga. Mtengo wodwala umachita maluwa chonchi?"

Ndinawapempha mwaulemu kuti angondilola mphindi zisanu. Ndinagwada n'kukankha maluwa amene anabzala kuzungulira tsinde. Kuseri kwake kunali bowa wolimba ngati mbale, atamera pa thunthu penipeni, ndi zipsera za wina wambiri amene anathyoledwa. Akazi a a Suti, amene anali ataima pakhonde, anati wosamalira maluwa amamugwetsa sabata iliyonse chifukwa amanyansa, koma amameranso. Tinjira ta chiswe tinali titakwera mpaka m'chiuno mwanga. Nditafunsa za simenti imene anawaka mpaka kukhudza mtengo, anati anaika zaka zinayi zapitazo pokonza poimika galimoto, ndipo amisiri anadula mizu ya mbali imeneyo chifukwa inkasokoneza. Ndinawafotokozera kuti matenda analowera pa mabala a mizu yodulidwayo, bowa wakhala akudya mtengo kuchokera pansi, chiswe chinangobwera kudzamaliza. Ndinagogoda ndi nyundo. Achimwene, unalira ngati mgolo wopanda kanthu.

A Suti anati mitengo yonse imalira choncho. Pamenepo akapitawo anandipatsa kachitsulo kaja. Ndinakalowetsa pa mng'alu wa pa tsinde, ndipo kanalowa kokha, osakankha n'komwe, mpaka dzanja langa linakhudza khungwa. Ndinakatulutsa n'kuwapatsa a Suti kuti ayese okha. Anawerama ndi suti yawo yomweyo, anakankha mwamphamvu poganiza kuti kakana, ndipo anangotsala pang'ono kumenyetsa chipumi pa mtengo. Potuluka kachitsuloko kanabwera ndi zobola zonyowa zonunkha, zina zinagwera pa malaya awo oyera.

Kenaka akazi a a Suti anafunsa motsitsa mawu kuti kodi ukagwa ugwera kuti. Ndinaloza mabenchi a kuseri kwa khoma. Mayi aja anagwira pakamwa. Ine sindinkadziwa, koma kamdzukulu kawo ka zaka zisanu, kamene amakhala nako, n'kamodzi mwa tiana timene timaphunzira pamenepo, ndipo malo ake ndi pa benchi yoyandikira kwambiri khoma. A Suti anakhala pansi pa simenti pomwepo. Akapitawo anangoti chapansipansi, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma chifukwa cha kugontha kuja chapansipansi chawo chinamveka mpaka kumsewu.

Tsono vuto linali kautsitsidwe kake. Kuugwetsa wonse sikukanatheka, chifukwa uku khoma, uku nyumba, uku mawaya a magetsi. Unafunika kudulidwa pang'onopang'ono kuchokera kumwamba. Akapitawo anati iwo ndi olemera, adalaivala ndiye musanene, wopepuka ndine. Koma anati sangalole kuti moyo wanga ulendewere pa mtengo wobola. Anayenda uku ndi uku akuyang'ana kumwamba, kenaka anayamba kuseka okha. Anati chingwe changa tikachimangirira pa mphanda ya pamwamba ya mtengo wa mapeyala uja, womwe uja tinabwera kudzadula, popeza ndi wautali ndipo ndi wolimba. Aphunzitsi atamva anaseka misozi ili mbwee, amvekere mangani, mangani, amuna anga sanabzale chinthu chofooka.

Masana amenewo tiana tinaphunzirira m'nyumba. M'mawa mwake a zamagetsi anabwera kudzazimitsa mawaya, ine n'kukwera jakaranda uja. Ndinayamba ndi nthambi zing'onozing'ono, iliyonse kuimanga kaye, kuidula, adalaivala n'kumaitsitsa pang'onopang'ono ndi chingwe china. Maluwa aja ankandigwera m'khosi ndi m'majombo. Anthu anadzaza kumsewu, ena akujambula ndi mafoni, mayi wina akukuwa kuti koma ndi mtsikana, ndi mtsikana ndithu! Sindikubisirani, ndinamva kukoma.

Chakumasana kunayamba kamphepo. Nditadula nthambi yaikulu ya mbali ya kukhoma, mtengo unapepukidwa mbali imodzi n'kugwedezeka, kenaka ndinamva kulira kwa pansi pa mapazi anga, ngati munthu akuthyola nzimbe. Mphanda imene ndinapondapo inang'ambika n'kupita. Ndinangoona kumwamba ndi pansi zasinthana. Chingwe chinandigwira, chinandiuluzira ku mtengo wa mapeyala, ndinakamenyetsa ntchafu pa nthambi, macheka akulendewera pa kachingwe kake m'chiuno mwanga. Mphanda ija inagwera pa benchi ya kukhoma n'kuithyola pakati.

Akapitawo anakuwa kundifunsa ngati ndili bwino. Ndinagwedeza miyendo, ndinagwedeza manja, zonse zinalipo. Anati nditsike ndikapume, atha kuitana anthu ena mawa. Ndinatsika, ndinamwa madzi, ndinakhala pansi n'kupuma. Akapitawo anayendera chingwe chonse ndi zala zawo kuyambira kumutu mpaka kumchira, mphepo nayo inaleka, ndipo ndinawauza kuti ndikwereranso. Anandiyang'ana m'maso n'kundimangira okha lamba wa chisoti. Pofika folo koloko mtengo wonse wa jakaranda unali pansi.

Mukanaona thunthu lake! Kunja nkhuni yolimba inali yochepa ngati chikhatho changa, m'kati monse mphako yokhayokha. Adalaivala, ndi thupi lawo lonse lija, analowa m'chitsa n'kuima mpaka m'mawondo, anthu kuseka. A Suti sanaseke. Anavula jekete, anapinda malaya, anazungulira ku geti la aphunzitsi n'kuyamba kutola zidutswa za benchi ija. Kupepesa kwa pakamwa kunawakanika, anangoti mawa kubwera kalipentala, ndipo galimoto aziimika kwina. Aphunzitsi anawayankha kuti mapeyala akapsa adzatumiza ana kudzawapatsirako, chifukwa nthambi zija zili mbali yawo ndi zimene zimabereka kwambiri.

Mtengo wa mapeyala tinaudulira bwinobwino, tinaupopera, tinamanga chomata pa thunthu kuti nyerere zisakwere. Dzulo ndinadutsako, masamba atsopano ayamba kale kutuluka, oyera bwino.

Lolemba abwana anandiitana mu ofesi. Ndinalowa mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti a Suti akadandaula. Koma ayi! Akuti a Suti anawaimbira katatu kuwauza kuti mtsikana uja asamutaye. Abwana akunditumiza kusukulu ya matenda a mitengo kwa miyezi itatu, ndipo ndikabwerako, mtengo uliwonse usanadulidwe uziyamba waonedwa ndi ine. Ine achimwene, amene masamu anandikana! Ndinatuluka mu ofesimo ndikumwetulira ngati wopenga, akapitawo amvekere ndisanyade, mavu sadziwa satifiketi.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Akazi a a Suti anandijambula ndili pamwamba, chithunzicho chayenda m'mafoni, ndipo dzana kunabwera mtolankhani. Sipatenga nthawi wina asanakawaonetse amayi, ndipo mukuwadziwa anansi athu aja a pa geti lobiriwira, nkhani siigona m'kamwa mwawo. Sindikufuna amayi amve choncho. Chonde achimwene, khalani nawo pansi muwauze inuyo.

Ndikudziwa chimene ndikukusenzetsani. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, zambiri ndinaiwala, koma inu munali pomwepo pamene abambo anakwera bulugamu wa kuseri kwa nyumba, chikwanje m'manja, opanda chingwe, kuti adule nthambi imene inkakhula denga. Ndinu amene munathamanga kukaitana anthu. Ndikukumbukira miyezi imene anagona osatembenuka tisanawataye, ndipo ndikukumbukira mmene amayi anandikwapulira atandipeza mu mtengo wa magwafa, akulira iwo kuposa ine. Ndi chifukwa chake ndakhala ndikunama chaka chonsechi, ndipo bodzali landilemera.

Koma pali chinthu chimene ndikufuna mudziwe. Munandiuzapo kuti nthambi imene abambo anapondapo itathyoka, m'kati mwake munatuluka dothi. Nthawi imeneyo sindinamve tanthauzo lake. Lero ndikudziwa kuti chinali chiswe, chinadya m'kati n'kusiya khungwa lokha. Abambo sanali osasamala, ndipo panalibe amene anawachita chipongwe monga ena ankanenera. Panangosowa munthu woti agogode nthambiyo n'kumvetsera. Ntchito imeneyo ndi imene ndikugwira ine tsopano, ndipo ndikamagogoda mtengo wa munthu, nthawi zambiri ndimaganiza za iwo.

Za kuthyoka kwa mphanda zija muona nokha ngati n'zowauza. Ine ndikadakonda muwauze, chifukwa ndatopa n'kubisa, komanso chifukwa nkhaniyo mathero ake ndi akuti chingwe chinagwira. Akakwiya asiyeni akwiye, ali ndi chifukwa. Akati ndisiye ntchitoyi, sindikudziwa chimene ndidzayankhe, ndipo sindikufuna kulonjeza zabodza kachiwiri.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nsalu ija ndinaiona ndipo sindinaiwale. Ana onse muwapsompsone, wamkuluyo alimbikire sukulu. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa achemwali ngati abwera kudzacheza. Amayi muwapatse moni wanga poyamba, nkhani pambuyo, atadya kale.

Sukulu isanayambe andipatsa masiku anayi, ndipo ndibwera. Ndidzanyamula lamba wanga ndi chingwe changa m'chikwama. Ndidzamanga mfundo pamaso pa amayi n'kuwapatsa kuti akoke okha ndi mphamvu zawo zonse, inunso muwathandize, alamu nawonso agwire. Ikamasuka, ndidzabwerera mu ofesi osatsutsa. Koma achimwene, mfundo imeneyo ndimaidziwa ine. Siimasuka.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Chitsirizira cha amayi